Milaza ya Pamsomali wa Che Abudu

Mangochi,
9 Okutobala, 1988.

Okondedwa Achemwali a Ruti,

M'boma lino mulibe munthu ngakhale mmodzi wodwala misala amene amamangidwa pa unyolo. Mchitidwe woipawo unatha pamodzi ndi ulamuliro wa atsamunda, ndipo lero wodwala aliyense amalandira chithandizo choyenera, mwaulere ndi mwaulemu. Mawu amenewa ali pa tsamba lachitatu la lipoti la ofesi yathu ya zaumoyo, ndipo ndimawadziwa pamtima chifukwa ndine amene ndimawatayipa chaka ndi chaka. Pa mzere wofunsa chiwerengero cha omangidwa ndimamenya ziro. Ziro wa makina athu amatuluka bwino kwambiri, wakuda ndi wozungulira ngati dzira la nkhanga.

Ndayamba ndi zimenezi kuti ngati pali mnzathu wina amene angatsegule kalatayi isanafike ku Kitwe, akhute pa ndime yoyamba. Anthu a ntchito imeneyo ndimawadziwa, sakonda kuwerenga zambiri. Komabe ndaipatsira wansembe wathu amene akubwera ku msonkhano chakumeneko, ndipo wandilonjeza kuti aiika m'kati mwa buku la mapemphero.

Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tilipo. Dzuwa la chaka chino lafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Amayi akudandaula mawondo monga mwa masiku onse, koma akudya bwino.

Nkhani yaikulu ndi ya mzime wathu. Mabel uja munkamubereka popita kukatsuka mbale kunyanja, wa mamina osatha uja, kafukufuku wake wasindikizidwa m'magazini ya anthu ophunzira za matenda a maganizo, yotuluka kunja kwa dziko lino. Masamba khumi ndi limodzi, Chingerezi chokhachokha, ndipo pamwamba pali dzina la malemu bambo athu, Mtaula, lolembedwa molondola, chinthu chimene ofesi yanga yomwe sinachithebe. Anzake a kuyunivesite akuti makalata ayamba kumupeza kuchokera kumayiko ena, ofunsa mmene anachitira. Nditawaonetsa amayi, anailandira ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku, nati, "Ndiye udokotala wake ndi umenewu? Dokotala wosabaya ndi jakisoni yemwe?" Kenaka anaikulunga m'kansalu n'kuiika m'sutikesi, pamodzi ndi makadi athu a ubatizo. Inu mukudziwa kuti m'menemo simulowa chinthu wamba.

Koma simungamvetse chimene ndikunyadira ndikapanda kuyamba ndaulula bodza langa. Khalani pansi, achemwali. Achimwene a Jenkins sanapite kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Sanapondeko ndi tsiku limodzi lomwe. Kasungu uja ndinamupeka ine, pa tebulo lomwe lino.

Zinayamba mu 1982, inu mutangobwerera kumeneko kuchokera ku maliro a bambo. Achimwene anasiya kugona. Anayamba kucheza ndi mainjini a maboti amene ankakonza, ndipo ankati m'nyanja muli anthu amene akuwaitana. Kawiri konse analowa m'madzi ndi zovala, akuyenda ngati akupita kutchalitchi, mpaka asodzi kuwavuula. Zimenezo tikanapirira. Koma tsiku lina la msika anatenga khadi lawo la chipani n'kudyetsa mbuzi, anthu onse akuona, n'kuiuza mbuziyo kuti tsopano ikhoza kukwera basi. Anthu anafuna kuseka, koma aliyense anayamba wayang'ana mnzake, ndipo msika unatha msanga tsiku limenelo.

Mwayi wathu unali woti tcheyamani wa nthambi ankaimba kwaya ndi bambo. Anabwera yekha kunyumba, nakhala pa mkeka, nati, "Ine sindinaone kanthu, mbuzi nayo siyankhula. Koma akadzachitanso, wobwera sindidzakhala ine."

Ndinanena za chipatala chachikulu cha amisala. Amayi anakana kwamtuwagalu. Mukukumbukira za amalume a Simioni, amene anatengedwa pa galimoto ife tili ana, ndipo chimene chinabwerako ndi kapepala konena kuti anamwalira? Mpaka lero palibe amene amadziwa pamene anagona. Amayi anati, "Wanga ameneyu akafa afere pano, ndimutseke maso ndekha." Ndinaisiya nkhaniyo, ndipo kunena zoona sindinafune kwambiri kuwatsutsa. Ndinali nditangokwezedwa kumene kukhala kalaliki wamkulu, ndipo mbale wa munthu wodyetsa mbuzi khadi sakhalitsa pa mpando wotere.

Choncho masana ena, achimwene atatopa n'kugona pansi pa mtengo wa mango, ndinang'amba mlaza, ndinawayeza pa kakolo, ndinamanga mfundo, n'kupita nawo kwa wosula zitsulo. Tinawamangira kanyumba kudimba la amayi kuphiri kuja, pakati pake mzati wa tsanya, unyolo wautali mapazi atatu kuchokera pakhomo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi amayi akhala akukwera phiri limenelo kawiri pa tsiku ndi mbale pamutu. Mawondo amene ndimakulemberani aja ndi amenewo. Anthu a m'mudzi ankadziwa, koma ankangofunsa kuti, "Kudimba kuli bwanji?" Amayi n'kumati, "Kuli bwino." Pa Khirisimasi iliyonse inu munkatumiza thalauza loti ndikapereke ku Kasungu. Achemwali, munthu amene mwendo wake uli pa unyolo savala thalauza, chifukwa palibe polowetsera. Ankavala nsalu ya amayi. Mathalauza onse asanu ndi limodzi anali m'sutikesi muja, osafutukula.

Mabel naye tinamudyetsa Kasungu yemweyo, popeza nthawi yonseyi anali kunja kusukulu. Atabwerako chaka chatha, anafika ku ofesi yathu ndi kalata ya chilolezo ya zidindo zitatu, yonena kuti akufuna kudziwa kuti m'midzi ya kuno muli anthu angati odwala maganizo ndi olumala, ndiponso amasamalidwa bwanji. Bwana wathu, a Fanwell, anamupatsa galimoto yoyera ya ofesi, munthu wa chipani woti azikhala kutsogolo, ndi ine kuti ndizimasulira Chiyao. Ndinaganiza kuti Mulungu ali ndi nthabwala zake.

Tinayenda nyumba mazana asanu ndi limodzi, kuyambira ku Chembe mpaka ku Chowe. Galimoto ikaima, ana ankathawa, akuluakulu ankatulutsa mipando, ndipo Mabel ankafunsa mwaulemu ngati pakhomopo pali wodwala mutu, wakhunyu, kapena wina wofuna kumuyang'anira. Yankho linali limodzi kulikonse: "Kuno kulibe, mayi." Mzimayi wina ku Chembe anati, "Wamisala pano ndi bambo akunyumba okha, nawonso Loweruka lokha." Munthu wa chipani anaseka kwambiri. Mabel analemba ziro. A Fanwell ataona zotsatira anaimirira n'kumugwira chanza, nati, "Mwaona, mayi? Sayansi yagwirizana ndi boma."

Tikudya kwathu tsiku limenelo, Mabel anati, "Achimwene, nyumba mazana asanu ndi limodzi, popanda ndi wakhunyu mmodzi yemwe? Ngakhale kumwamba ndikukayika ngati kuli choncho."

Ndinati, "Mwina ndi chambo chimene timadya kuno."

Sanaseke. Anati, "Anthu aja sankayankha ine. Ankayankha galimoto."

Mlungu wotsatira anabweza galimoto, anathokoza munthu wa chipani chifukwa cha ntchito yake yotamandika, nabwereka njinga ya mkazi wanga, ine n'kumamuperekeza pa yanga. Apa ndi pamene ndinayamba kuchita mantha, chifukwa munthu wa pa njinga amamva zimene wa m'galimoto samva.

Tsiku lachitatu pedulo ya njinga yake inathyoka, ndipo mwa malo onse a m'dziko la Malawi inasankha kuthyokera pa mphambano ya kwathu, pafupi ndi chisakasa cha Che Abudu. Mwina simukuwakumbukira. Ndi nkhalamba ya Chisilamu ija yosula makasu, mahinjesi ndi anangula a maboti. Ndi kwa iwo kumene ndinapita ndi mlaza uja. Ndinati, "Tiye kutsogoloku, kuli wina wodziwa za njinga." Mabel anati, "Kutsogolo kuti? Awa akusula apawa ndi abusa?"

Che Abudu ali kalikiliki ndi pedulo, Mabel anakweza maso n'kuona msomali wautali pa mtanda wa denga. Pamsomalipo panalendewera milaza yambiri yaifupi, uliwonse ndi mfundo yake, wina womangirira mkanda, wina kansanza, wina chigoba cha nkhono.

"Agogo, iyi ndi ya chiyani?"

"Ya ntchito, mayi," anatero osakweza mutu.

Zikanathera pomwepo. Koma mng'ono wanuyo anagwada n'kuwapatsa moni wa Chiyao chenicheni cha kwathu, chimene ife tinkayesa kuti anachisiya m'ndege, nawauza kuti ndi mwana wa malemu aphunzitsi a Mtaula. Nkhalamba inaika nyundo pansi.

"Ha! Mwana wa Che Mwalimu! Ndiye ndikubisiraninji eni nkhani? Onani, mama, wodwala sabwera naye kuno. Amamuyeza pa kakolo ali m'tulo, amamanga mfundo, n'kundibweretsera mlaza. Ine ndimasula molingana ndi mfundoyo, kenaka ndimakuta chitsulo ndi chubu cha njinga kuti chisadye mnofu. Ena amangopinda chitsulo chilichonse, munthu n'kuola mwendo. Ine ayi. Mlaza sinditaya, chifukwa mwendo umasintha. Wina amatupa, wina amaonda, ndiye abale amabweranso. Ndimauotcha pokhapokha ndikamva kuti mwini wake watisiya."

Kenaka anatambasula dzanja, nasankha umodzi womangirira batani loyera, batani la shati yanga. "Wanu ndi uwu. Che Basil, sichikuwathina achimwene? Papita nthawi osabwera."

Achemwali, ndinayang'anitsitsa pedulo ija ngati chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Mabel sanakuwe. Anapempha kuti awerenge milazayo. Anaitsitsa umodziumodzi, naiyala pa benchi, ndipo inakwana 43. Anatulutsa kabuku kake n'kulemba nambalayo bwinobwino. Atatero anatembenukira kwa ine nati, "Achimwene, ku Kasungu n'kutali bwanji kuchokera pano? Tingakafike pa njinga?"

Tinakafika. Tinawapeza achimwene atakhala pakhomo pa kanyumba kawo, ndevu mpaka pachifuwa, akumasula kachipangizo ka injini yakale kamene akhala akukamasula ndi kukamanganso zaka zonsezi. Dothi la pakhomopo linali losalala ngati lozira, mpaka pamene unyolo umalekezera, ndipo kupitirira apo unali udzu. Anamuyang'ana Mabel kanthawi.

"Mabel. Wanenepa. Azungu amadya bwino eti?"

Iye anagwada n'kugwira chitsulo cha pa mwendo chija.

Achimwene anafunsa kuti, "Mapepalawo ndi a chiyani?"

"Ndikuwerenga anthu odwala, achimwene."

"Wapeza angati?"

"M'mapepala awa, palibe."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye sukulu yonse ija wangofanana ndi Basil. Lemba: mmodzi." Kenaka anatsitsa mawu nati, "Undilembe bwino, iwe. Anthu a m'madzi aja amandiuza kuti ndinafa kalekale. Ukandilemba aona kuti akunama."

Mabel anakhala pansi pa dothi lomwelo ndi diresi yake ya kuofesi, nawafunsa mafunso onse makumi awiri a pa pepala lake, limodzi ndi limodzi, ngati akufunsa nduna. Ine ndinaima kumbuyo kwa kanyumbako, kumene kunalibe woti andione nkhope.

Nkhondo yeniyeni inali ndi amayi. Atamva, anavula mpango n'kuuponya pansi. "Ukalemba, abwera ndi galimoto! Tinakutumiza kusukulu kuti udzapereke mlongo wako?"

"Sindilemba dzina la munthu, amayi, ngakhale la mudzi. Ndipo achimwene sapita kulikonse. Mankhwala ndi amene abwere kuno."

"Mankhwala ali ndi miyendo?"

"Tiwapezera njinga."

"Iwe Basil, uza mwana uyu. Iweyo ndiye umadziwa boma."

Ndinati boma ndimalidziwa ndithu, ndipo n'chifukwa chake sindinanene kanthu kwa zaka zisanu. Mabel anati, "Ndiye tsopano mwapuma mokwanira." Amayi sanamuyankhule kwa milungu iwiri. Koma sanasamutse achimwene, ngakhale akanatha kutero, ndipo ine ndinaona kuti kumeneko kunali kuvomera kwawo.

Chimene anthu a kunja akuchitcha njira yatsopano ya kafukufuku chinali ichi: Lachiwiri lililonse Che Abudu ankatseka chisakasa chawo, n'kuika milaza m'kathumba, n'kukwera pa kaliyala wa njinga yanga. Anadzipereka okha. Anati, "Anthu awa ndinawamanga ndi manja anga, ndipo Mwini wake kumwambako adzandifunsa. Ndikufuna ndidzakhale ndi choyankha." Tikafika pamudzi ankatulutsa mlaza umodzi, n'kutitsogolera ku nyumba yake. Makomo omwe aja anatiuza kuti kulibe, anatitengera kuseri kwa nkhokwe, m'makhitchini, m'makola a mbuzi. Munthu sunganamize amene anakusulira chitsulo.

Zimene anapeza ndi zimene zili m'masamba khumi ndi limodzi aja, ndipo ndikufuna muzidziwe, chifukwa ndi mng'ono wanu amene anazifukula. Mwa anthu 43, khumi ndi asanu ndi mmodzi analibe misala konse, koma khunyu. Ankamangidwa kuti asagwere pamoto kapena m'madzi ena onse akapita kumunda, pamene pali kambewu kakang'ono koyera kamene kamaletsa kugwako. Ena anabadwa ndi nzeru zochedwa, ndipo vuto lawo linali kusochera basi. Ku Chowe tinapeza mtsikana dzina lake Asiatu, amene anamangidwa zaka zinayi chifukwa chomenya anthu. Mabel anakhala naye tsiku lonse n'kuona kuti mwanayo samva, ndipo ankamenya okhawo amene amugwira modzidzimutsa kuchokera kumbuyo. Bambo ake atamvetsa, anakhala pansi n'kuphimba kumaso ndi chisoti. Ndipo pa makomo onsewo Mabel sanapeze ambiri omanga chifukwa cha nkhanza. Anapeza anthu otopa, opanda wowasiyira wodwala, ndi oopa galimoto yoyera. Analemba kuti anthu sabisa odwala chifukwa cha umbuli, koma chifukwa chithandizo chimene amachidziwa chimatenga munthu osamubweza. Chiganizo chimenecho ndinachitayipa ine, ndipo ndinachiwerenga katatu.

Panatsala a Fanwell, popeza popanda siginecha yawo palibe mbewu ya mankhwala imene ikanatuluka m'sitolo ya ofesi, ndiponso pepala la Mabel silikanaloledwa kuchoka m'dziko. Anawerenga atatseka chitseko, ine nditaima pakona ndi mafayilo kuti ndioneke ngati ndili pa ntchito. Atafika pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, pamene pali nambala ija, anavula magalasi.

"Mayi, anthu awa kulibe. Lipoti lathu likunena."

"Inde, bwana, kulibe."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Namwino mmodzi, njinga yamoto imodzi, ndi mankhwala a anthu 43, kuti mchitidwe wa atsamunda uja usadzabwererenso."

A Fanwell anamuyang'ana nthawi yaitali. Si munthu wopusa, angokhala ndi ana asanu ndi awiri. Anati, "Basil, zoterezi zingalowe pa mutu wanji?"

Ndinati, "Pa kupewa, bwana. Kupewa kumaposa kuchiza. Zili pa khoma kumbuyo kwanuko."

Anacheuka, anawerenga chikwangwani chawo chomwe, nasayina. Anangopempha kuti tsamba loyamba la pepalalo liyambe ndi kuthokoza boma chifukwa cha mtendere ndi chitukuko, ndipo Mabel analemba tsamba lathunthu lokoma kwambiri. Oyang'anira zolembedwa anawerenga tsamba limenelo n'kudinda. Mwaona tsopano kumene ndaphunzira kayambidwe ka kalata. Tikutuluka, a Fanwell anafunsa motsitsa, maso ali pa fayilo, "Mayi, mankhwala amenewa amagwiranso kwa munthu amene wadwala zaka khumi?" Mabel anati nthawi zambiri amagwira. Iwo anati, "Ndimangofunsa." Ifenso sitinafunse.

Kuyambira Januwale chaka chino, namwino wina wochokera ku Thyolo, a Macloud, amazungulira midzi pa njinga yamoto kamodzi pamwezi, bokosi la mankhwala kumbuyo. Amayi atamva kulira kwa njingayo koyamba pansi pa phiri, anati, "Ndiye miyendo ija ndi imeneyi." Sindikufuna ndikunamizeninso, achemwali, choncho ndinene kuti mankhwalawa si madzi a ubatizo. Achimwene manja amawanjenjemera, amayankhula pang'onopang'ono, ndipo masiku ena amangokhala duu. Mu Malichi mlatho unakokoloka, njinga sinabwere, ndipo anthu a m'madzi aja anabweranso. Koma kuyambira Meyi akugona, akumeta, ndipo anandifunsa ngati bambo anaikidwa mwala pamanda.

Mabel ndi a Macloud ananena kale mu Julaye kuti chitsulo chichoke. Amayi anazengereza katatu. Koyamba anati tidikire kuzizira kuthe, kachiwiri anati alota zoipa, kachitatu anangoti ayi. Ndinawamvetsa. Unyolo umenewo ndi umene unawasungira mwana wamoyo zaka zonsezi, ndipo amene ankati uchoke sanali amene anamuona akuvuulidwa m'nyanja. Potsiriza anali achimwene eni ake amene anati, "Amayi, mawondo anu atha. Ndiloleni ndizitsika ine."

Loweruka lapitali m'mawa tinakwera tonse: amayi, Mabel, ine ndi Che Abudu ndi nyundo ndi tchizulo chawo. Che Abudu anaika mwendo wa achimwene pa mwala, anatchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo, amayi anatchula m'chathu, ndipo anamenya kanayi. Pansi pa chitsulo khungu linali loyera ngati la mwana wobadwa kumene, koma lopanda bala. Che Abudu anandiyang'ana nati, "Mwaona chubu?" Ndinawauza kuti ndaona.

Amayi anali atabwera ndi mathalauza anu onse m'dengu. Achimwene anawayala pa udzu, nasankha lotuwa lija la 1984. Linali lalikulu m'chiuno, ndiye ndinavula lamba wanga. Anaimirira, anayenda mapazi atatu, n'kuima ndendende pamene dothi losalala limathera. Anayang'ana udzu.

"Basil, kupitirira apa kuli chiyani?"

Ndinati, "Kasungu, achimwene."

Anaseka, n'kuponda pa udzu.

Tinkaganiza kuti apita kunyumba, koma pofika pa mphambano anakhotera kunyanja. Amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ndinafuna kuthamanga, koma Mabel anandigwira shati nati, "Asiyeni." Nkhope yake inali itatuwa, ndipo ndinadziwa kuti masamba khumi ndi limodzi aja sakumuthandiza kanthu pa nthawi imeneyo. Asodzi amene ankasoka maukonde anaimika manja. Achimwene analowa m'madzi ndi thalauza lanu latsopano, mpaka m'mawondo. Anaima. Anapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, koma ine ndinakalamba. Kenaka anatembenuka nati, "Amayi, mwabwera ndi sopo?"

Amayi anakhala pansi pa mchenga n'kuyamba kumukalipira Mabel kuti dokotala wanji woyenda wopanda sopo.

Tsopano akugona m'chipinda chanu chakale. Unyolo amayi akana kuutaya, uli pansi pa bedi lawo, ndipo sindinawatsutse. Mabel wabwerera kukaphunzitsa, koma akuti ayamba pepala lachiwiri, lokhudza amayi ngati athuwa amene amasamalira odwala okha popanda wowalandira. Anafuna kuika dzina la Che Abudu pamwamba pa pepala loyamba lija pafupi ndi lake, koma iwo anakana, anati dzina likapita kutali limabwerera ndi alendo. Ine anandithokoza kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono, monga wotayipa. Ndi udindo wondiyenera.

Achemwali, sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Munali ndi ufulu wolira mlongo wanu ndi kumupempherera pa dzina la matenda ake, ndipo ine ndinakulandani ufulu umenewo n'kukupatsani esiteti ya fodya. Chimene ndikupempha n'chakuti mubwere pa Khirisimasi, ndipo musanabwere muwalembere achimwene kalata yawoyawo. Muilembe m'zilembo zazikulu, maso awo afooka. Mukamulembera Mabel musamutamande kwambiri, mutu ungakule, koma mumuuze kuti bambo akanakhalapo akanaiwerenga magazini ija m'tchalitchi m'malo mwa kalata ya Paulo.

Amayi akupereka moni, akuti mafuta opaka m'mawondo aja musavutike nawonso. Mkazi wanga ndi ana akuti moni kwa azakhali. Che Abudu akuti moni kwa mwana wamkulu wa Che Mwalimu. Moni womaliza ndi wa achimwene a Jenkins, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi sindinaupeke ine. Ali pakhonde pano pamene ndikulemba, akukonza wailesi yanga imene sinawonongeke. Akuti ndikuuzeni kuti mathalauza onse anafika, zikomo, koma la chaka chino likhale locheperako m'chiuno.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Basil.

Ndinaiwala. Lipoti la chaka chino ndinalitayipa Lachisanu, ndipo ziro anatuluka bwino monga mwa nthawi zonse. Mlaza wa batani umene mwaupeza m'kalata muno ndi wa achimwene. Pamsomali pa Che Abudu patsala khumi ndi isanu ndi inayi.